Amene ankanyamula uthenga wa maliro kwa Lundu

Kale m'midzi ya kwa Lundu munthu akatsirizika, mfuu sinkamveka mpaka amfumu atauzidwa. Amayi ankakhala m'nyumba atadzitseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, misozi ili mbwembwembwe, kudikira kuti mwini mbumba akafike kaye kwa nyakwawa. Kumeneko sankapitako chimanjamanja. Ankatenga nkhuku, kapena kandalama pamene ndalama zidayamba kuyenda. Nyakwawa ikati "tamva," ndiye kulira kunkabuka, anyamata n'kuyala masamba pamsewu kuti wodutsa atsike panjinga, adzukulu n'kuyamba kusonkhanitsa makasu, amithenga n'kunyamuka. Mwambowu m'midzi yambiri ulipobe, koma chomwe chimadikira amfumu tsopano ndi kulira kokha. Uthenga wake umakhala utafika kale ku Blantyre ndi ku Joni.

Amalume anga adayenda ndi mauthenga otere zaka zambiri m'mudzi mwathu, chakufupi ndi Nchalo. Sinali ntchito yolembedwa, ndipo malipiro ake inali nsima ya kumene afika. Adawasankha chifukwa cha njinga yawo ya Humber ndi pakamwa pawo posafulumira. Ndili mnyamata ndidawaperekezako ulendo wina wa ku Ngabu, nditakhala pakaliyala. Titayandikira khomo lomwe tinkapita, adatsika tikadali patali, njinga n'kuiyedzeka pamtengo wa masau kunja kwa bwalo. Adawapatsa mpando, iwo adakana n'kunyonyomala pansi. Mayi wa pakhomopo adabwera kudzalonjera, amalume adayankha moni bwinobwino, n'kufunsa za ana, kenaka n'kuti, "Kodi akuluakulu alipo?" Tidakhala pamenepo mpaka mkulu wina atakamuitana kudimba. Awiriwo adapatukira kuseri kwa nkhokwe, ndipo mayi uja adamva za imfa ya mlongo wake kuchokera kwa munthu wa pakhomo pake, amayi anzake awiri atamukhalira kale uku ndi uku.

Umthenga unali ndi malamulo ake, ngakhale palibe adawalemba. Sunkauza mwana, sunkauza munthu ali yekha, sunkauza wodwala kapena mayi wapakati. Panjira akakufunsa komwe ukuthamangira, unkangoti "kumtundaku," chifukwa mwini maliro asanamve, wa panjira alibe gawo. Kwa m'bale wakutali, woti ayenda masiku angapo, mawu ake anali oti "akudwala kwambiri, fulumirani." Matelegalamu opita kwa abale athu ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Joni ankalembedwanso choncho. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake, komabe munthu ankakwera sitima ali ndi kachiyembekezo komufikitsa kwawo ali bwinobwino. Ena amati linali bodza. Ine ndimati akuluakulu ankadziwa kuti uthenga wa imfa uli ngati chikwanje: popatsira mnzako umamulozetsa kuchigwiriro.

Uthenga wovutitsitsa unali wa munthu amene wadzipha. Alipo lero oyankhula ngati imfa yotere idabwera ndi mafoni, kapena kuti ndi ya azungu. Ayi ndithu, makolo athu ankaidziwa, ndipo anali ndi kasamalidwe kake. Mthenga sankafotokoza kuti munthuyo wachita bwanji. Ankangoti, "Kwagwa zovuta, zina mukamva komweko." Anafe ankatithamangitsira kukhomo lina. Chinthu chomwe malemuyo adagwiritsa ntchito chinkachotsedwa tsiku lomwelo, kuotchedwa kapena kukwiriridwa, ndipo ukakhala mtengo unkagwetsedwa. Akuluakulu ankati imfa yotere imaitana inzake, ukaisiya poonekera imatenganso wina m'banjamo. Kumanda, woyankhula m'malo mwa banja, amene pa maliro ena amalongosola matenda kuyambira tsiku lomwe mutu udayamba kuwawa mpaka chipatala chomaliza, apa ankadula: "Momwe zachitikira mwamva kale." Basi.

Sindikufuna kuukometsa mwambowu kuposa momwe unalili, chifukwa mbali yake ina inali yankhanza. Maliro otere ankaikidwa mothamanga, kawirikawiri opanda nyimbo. Mipingo yambiri inkakana kuyendetsa mwambo. Mpingo wa Katolika, womwe uli ndi akhristu ambiri m'chigwa muno, udadzachotsa chiletso chimenechi m'malamulo ake mu 1983. Mkazi wamasiye ankalozedwa zala kuchitsime kuti ndiye ankamuzunza mwamuna, pena mlandu n'kugwera nkhalamba ina kuti idamulodza. Ana a pakhomopo ankavutika kupeza banja. Ndiye kukhala chete kuja kunali kwa mitundu iwiri yolukanalukana: kwina koteteza amoyo, kwina kochititsa manyazi ofedwa. Momwe ndikuonera ine, m'zaka 100 zapitazi tidataya koyambako n'kukakamira kwachiwiriko.

Chigwa chino sichidapumepo nthawi yaitali. Amishoni a UMCA omwe adakhala kwa Chibisa, pafupi ndi pomwe pali boma la Chikwawa lero, adaona njala yoopsa ya 1862 ndi 1863. Amakololo omwe adabwera ndi David Livingstone, a Kasisi, a Chipatula ndi anzawo, adalanda ulamuliro m'manja mwa mafumu a Amang'anja, ufumu wa Lundu n'kuzilala mpaka pomwe boma la Kamuzu lidadzaukwezanso. Kenaka kudabwera msonkho, thonje, Asena othawa chibalo cha Apwitikizi, ndi madzi a Shire omwe adamiza madimba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala adalemba mabuku awiri okhudza chigwachi, ndipo la mu 2005 adalitcha dzina lonena za kutha kwa mwambo womwe ine ndidaupeza uli kumapeto, chidyerano. Mabanja angapo ankabweretsa nsima pamalo amodzi, abambo paokha, amayi ndi ana paokha. Mandala ankalemba za chakudya ndi njala, koma ine ndikakumbuka chidyerano ndimaona china. Munthu wosweka mtima zinkamuvuta kubisala. Ukangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, wina ankafunsa kuti kwagwanji. Ukajomba masiku awiri, ankakulondola kunyumba. Sichinali chipatala, ndipo ena ankatayikabe, koma maso analipo.

Minda ya nzimbe itatsegulidwa ku Nchalo m'zaka za m'ma 1960, kudabwera anthu a ku Mulanje, ku Thyolo ndi maboma ena, odzakhala m'nyumba za kampani pakati pa anthu osawadziwa, aliyense ndi mphika wake. Nafenso m'midzi, ndiwo zitayamba kugulidwa ndi ndalama, khomo lililonse lidayamba kudyera m'nyumba, chitseko chotseka.

Boma la atsamunda lidabweretsa chachilendo china: imfa idasanduka fayilo. Munthu akafa mosadziwika bwino pankayenera kubwera wapolisi, dokotala apime thupi, bwana DC afunse mboni. M'malamulo a milandu omwe adayamba kugwira ntchito mu 1930 mudalowa ndime yakuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, yomwe timaidziwa kuti gawo 229. Ku England komwe maganizowa adachokera adalichotsa lamulo lotere mu 1961. Ife tidalowa nalo mu ufulu wa 1964 n'kulisunga zaka makumimakumi, anthu n'kumatuluka m'chipatala kupita kukaima pamaso pa majisitireti. Zotsatira zake kumudzi zinali zoonekeratu. Banja likapeza munthu akupumabe, linkayamba laganiza za apolisi lisanaganize za chipatala. Ankayesa kaye za kunyumba, monong'ona, maola oti akadamupulumutsa n'kumatha.

Chodabwitsa n'chakuti madokotala ena achizungu a nthawi imeneyo, monga J.C. Carothers yemwe adalembera bungwe la WHO buku mu 1953, ankaphunzitsa kuti munthu wakuda savutika kwenikweni ndi matenda a kukhumudwa. Mafayilo a boma la azungu lomwelo ankawatsutsa. Megan Vaughan adawerenga zikalata za kafukufuku wa imfa za m'zaka zomaliza za Nyasaland, ndipo m'zomwe adasindikiza mu 2010 mukumveka abale akufotokozera a boma za mikangano ya m'banja, matenda ndi manyazi, zomwezi timamva lero. Thandizo la boma linali ku Zomba: malo osungirako odwala misala omwe adayamba mu 1910 ngati mbali ya ndende, kenaka chipatala chomwe chidatsegulidwa mu 1953, chikuyendera lamulo la 1948 lomwe lidakhalapo zaka zoposa 70. Kuchokera kuno ku Zomba kunali kutali, ndipo dzinalo lidasanduka chitonzo. Munthu wosaona tulo, woti chakudya chikumukanika, wongonena kuti "ndatopa nawo moyo," sankadziona ngati wa ku Zomba, ndipo abale ake sakadalola. Akapita patali ndiye kwa sing'anga kapena kwa abusa.

Thonje nalo lili ndi gawo lake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 chitukuko cha thonje chomwe likulu lake linali ku Ngabu chidaphunzitsa alimi kupopera mbewu, ndipo zokolola zidakweradi. Koma kuyambira pamenepo makomo ambiri a alimi adayamba kugona ndi poizoni m'nyumba, kunsi kwa bedi kapena kudenga, pena pafupi ndi mchere. Maina ake sinditchula dala. Maganizo ofuna kudzipha nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi n'kudutsa, ndipo chosiyanitsa wopulumuka ndi womwalira kawirikawiri chimakhala chomwe chinali pafupi pa ola limenelo. A WHO amati mwa anthu oposa 700,000 omwe amadzipha chaka chilichonse padziko lapansi, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse amafa ndi mankhwala a m'munda. Dziko la Sri Lanka litaletsa mitundu yoopsitsitsa, imfa zodzipha zidatsika kupitirira theka m'zaka 20 kuchokera mu 1995, ulimi osagwa. Makolo aja ankachotsa chinthu maliro atachitika kale. A ku Sri Lanka adachichotsa asanachitike.

Wailesi ya MBC itayamba mu 1964, umthenga udalowa m'bokosi. Nditayamba uphunzitsi, anthu ankagogoda kunyumba usiku kuti ndiwalembere uthenga wa maliro, m'mawa wina n'kukwera nawo basi kudutsa pa Thabwa kukausiya ku Chichiri. Kalembedwe kake kanali kamodzi: akudziwitsa ndani, akudziwitsidwa ndani ndipo ali kuti, wamwalira ndani, maliro aikidwa liti. Chomwe wafa nacho sitinkalemba, kaya ndi malungo, kaya ndi ng'ona, kaya ndi imfa ija. Mauthenga amenewo adataya mwambo wopatukira kuseri kwa nkhokwe, koma ulemu wa amalume adausungabe. Nyuzipepala za nthawi ya chipani chimodzi nazo sindinkaona zikuchulutsa nkhani za anthu odzipha, ndipo sindikhulupirira kuti chinali chifundo. Dziko lomwe Ngwazi inkati anthu ake akukhuta ndi kugona m'nyumba zosadontha silikadavomera kuti muli anthu otaya mtima.

Zinthu zidatembenuka ndi referendamu ya 1993. The Nation idayamba chaka chomwecho, pa MBC padadza pulogalamu ya Nkhani za M'maboma, Zodiak idatsegula mu 2005, kenaka mawailesi a m'madera monga Nyathepa ndi Gaka ku Nsanje. Ufulu umenewu ndimauyamikira, poti ndidakhalapo nthawi yomwe munthu unkayamba wacheuka usanadandaule za mtengo wa thonje. Koma m'dziko lonse mudazika mizu kalembedwe kena komwe aliyense womvera nkhani akukadziwa pamtima. Mneneri wa apolisi atumiza chikalata: dzina lonse la malemu, zaka zake, chomwe adakangana ndi mkazi wake, chomwe adagwiritsa ntchito ndi komwe adachitenga, zomwe achipatala apeza, kenaka mzere womaliza uja wakuti amachokera m'mudzi mwakuti, mfumu yaikulu yakuti, boma lakuti. Mtolankhani, yemwe mwina alibe ngakhale ya thiransipoti yokafikira kumudziko, angoikapo mutu n'kutumiza. Kalembedwe kameneka n'koyenera mbava ndi achifwamba, kuti anthu amudziwe wogwidwayo. Tidangokasamutsira pa munthu wodwala, poti m'mabuku a boma naye anali wolakwa.

Foni ndiyo idamaliza zonse. Chaka china chaposachedwapa, ndikugula makakana pamsika wa Nchalo, ndidaona anyamata a kabaza ataunjikana pa foni imodzi. Chinali chithunzi cha mnyamata wa mudzi wina, chojambulidwa asanamufunditse n'komwe, chikuzungulira m'magulu a WhatsApp pamodzi ndi kalata yomwe adasiya. Mayi wina wogulitsa tomato adasuzumira kuti aone chomwe anawo akudabwa nacho. Anali azakhali ake a mnyamatayo. Zomwe zidachitika pamenepo sindilemba. Wojambulayo mwina ankaona ngati akuthandiza kufalitsa uthenga, ndipo aliyense amene adatumizira mnzake adaikapo mawu achisoni.

Zoti imfa yotere imaitana inzake, zomwe ophunzirafe tinkazitenga ngati zikhulupiriro za agogo, akatswiri adadzazipeza m'njira yawo. Mu 1974 David Phillips wa ku America adaonetsa kuti nyuzipepala zikaika patsamba loyamba nkhani ya munthu wodzipha, chiwerengero cha odzipha chinkakwera m'masabata otsatira. Ku Vienna m'zaka za m'ma 1980 anthu ankadzipha motsatizana m'njanji za pansi pa mzinda, nyuzipepala zikulemba mwatsatanetsatane. Mu 1987 akatswiri adakambirana ndi akonzi kuti asinthe kalembedwe, ndipo m'miyezi yochepa imfa za m'njanjizo zidatsika kupitirira theka. Apa palibe mzimu woyendayenda. Munthu amene wafika kale pothera nzeru akawerenga za mnzake wa msinkhu wake, wa ngongole ngati yake, n'kuuzidwa njira yake ndi momwe anthu adamulirira, amaona ngati amulozera khomo. N'chifukwa chake malangizo a WHO kwa atolankhani, omwe adatuluka koyamba mu 2000 n'kukonzedwanso kangapo, amati njira isatchulidwe, malo asalongosoledwe, zithunzi ndi makalata osiyidwa zisaonetsedwe, ndipo nkhani iliyonse inene komwe munthu angapeze thandizo. Amalume akadamva zimenezi akadangovomera ndi mutu, kupatula chomalizacho, chomwe m'nthawi yawo kudalibe.

Mu 2020 apolisi adalengeza kuti anthu 182 adadzipha m'dziko muno pakati pa Januwale ndi Ogasiti, pomwe m'miyezi yomweyo mu 2019 adali 116, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse anali amuna. Ziwerengero zotere n'zofunika kuzilengeza, chifukwa boma silisuntha popanda nambala. Chomwe chimandiwawa ndi mitu ya nkhani ija yakuti wadzipha chifukwa cha ngongole, wadzipha chifukwa mkazi wamukana. Katapila kuno timamudziwa bwino: munthu amasiya khadi lake la kubanki m'manja mwa wokongoza, mwezi ukatha n'kumalandira zotsala ngati wopempha. Madzi a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adakokolola mbewu, mbuzi ndi nyumba za anthu omwewo mobwerezabwereza. Komatu angongole ndi ambiri mu Nchalo muno, ndipo pafupifupi onse mawa adzadzuka n'kunyamula khasu. Pamene wina wagonja, kunsi kwake kumakhala zina: miyezi yosagona, kachasu, matenda a maganizo omwe palibe adawazindikira, ndi chiphunzitso chija chakuti mwamuna salira. Nkhani yotchula chifukwa chimodzi imaphunzitsa wangongole aliyense kuti mathero a ngongole ndi amenewo. Imalozanso chala munthu mmodzi, kawirikawiri mkazi, monga zinkachitikira kuchitsime kuja, kungoti tsopano dziko lonse limaloza nawo.

Ilipo nkhani ina yomwe simveka. Ofufuza a ku Vienna komweko, motsogozedwa ndi Thomas Niederkrotenthaler, adapeza mu 2010 kuti nkhani za anthu omwe adafika pamapeto n'kubwerera zimayendera limodzi ndi kutsika kwa imfa zotere. Anthu otero tili nawo m'midzi muno. Masiku ano sipafunikanso kuyambira ku Zomba: m'zipatala za boma za m'maboma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ana ndi achinyamata amatha kuimba mwaulere pa 116. N'zochepa poyerekeza ndi kukula kwa vutolo, ndipo ngakhale zochepazo ambiri kumudzi sazidziwa, pomwe dzina la poizoni aliyense adalimva pa wailesi.

Bambo wina amene ndidamuphunzitsa ali mwana adapulumuka zaka zingapo zapitazo chifukwa mlamu wake adathamangira naye kuchipatala pa njinga yamoto osayamba waganiza za apolisi. Lero amalima thonje ndi mapira, amakatenga mankhwala mwezi ndi mwezi, ndipo kiyi wa kanyumba kosungiramo zopopera amasunga ndi mkazi wake, pachingwe cha m'khosi. Adapangana okha choncho. Msewu wa M1 utaduka ndi madzi a Ana adakhala milungu ingapo osamwa mankhwala, ndipo masiku amenewo mlamu yemwe uja ankafika madzulo alionse atanyamula bawo. Ndidamufunsa bamboyo ngati angalole kukayankhula pa wailesi. Adati angalole, bola asatchule dzina kapena mudzi wake, chifukwa ali ndi ana aakazi awiri osakwatiwa. Kenaka adati, "Koma aphunzitsi, mukawauzenso a wailesiwo kuti minibasi yopita kuchipatala yakwera mtengo kawiri chaka chino. Zimenezo alengeze ndi dzina langa lomwe."